Chaka Chimene Belu la ku Tarrow Linalira

1

Ndikuchenjezeni poyamba, owerenga anga: ine ndimakonda zinsinsi monga ena amakondera shuga. Ndili mwana ndinkabisa mabatani m'kabokosi n'kulumbira kuti sindidzaulula pamene ali, ngakhale panalibe munthu ankawafuna. Choncho tsiku limene mnyamata anandinong'oneza kuti, "Za ife asadziwe aliyense," sindinaone chachilendo. Ndinamva ngati wandiveka mphete.

Dzina langa ndine Marnie Voskuil. Kwathu ndi ku Tarrow, katauni ka ku Iowa, ku America, kozingidwa ndi minda ya chimanga mbali zonse. Tili ndi zinthu zitatu zonyadira: koleji, timu ya mpira ya kolejiyo, ndi belu. Mu 1993 ndinali m'chaka chachiwiri pakolejipo, ndikuimba chitoliro m'bandi ya timu.

Belulo lili pansanja ya njerwa kuseri kwa bwalo, ndipo lamulo lake ndi limodzi. Limalira pokhapokha tikagonjetsa Brackett, koleji ya kutsidya kwa mtsinje, pamasewero otsekera chaka. Wogoletsa womaliza ndiye amayamba kukoka chingwe. Ndipo tsiku limenelo mnyamata ndi mtsikana akagwira chingwecho limodzi tauni ikuona, ndiye kuti atomerana. Kubwerera kulibe. Abusa amangofunsa tsiku.

Bambo anga ndi malemu mayi anatomerana choncho, ndipo kuchokera pamenepo belu silinalirenso. Brackett inkatikwapula chaka ndi chaka mpaka nkhunda zinamanga zisa m'belumo. Bambo, amene ntchito yawo ndi yometa anthu, analumbira kuti ndevu zawo sadzazikhudza kufikira titapambana. Ndinabadwa, ndinakula, ndinalowa koleji, chibwano cha bambo anga osachionapo.

2

Thad Rensink anachokera ku famu ya nkhumba ya kumadzulo kwenikweni. Anali wamtali, woonda, wamaso aulesi ngati wangodzuka kumene. M'timu munali zimphona zogundana ngati nkhunzi, mpira uli kukhwapa, koma Thad sankagundana ndi munthu. Yake inali ntchito ya phazi basi. Ankakhala pabenchi yunifolomu ili mbee, ndipo anzake akalephera kuboola mpaka kumapeto kwa bwalo, ankamuitana kuti amenye mpira udutse pakati pa mizati iwiri, tipezeko mapointi atatu. Kulowa, kumenya, kutuluka. Ena ankapita kwawo akutsimphina, iye ngakhale thukuta ayi.

Ndinamukondera zomwezo. Ndinkati ndi mlakatuli amene wasochera m'khola.

Tinkakumana Lachiwiri masana, m'kagalimoto kake kakutha, kuseri kwa nkhokwe zazitali za chimanga za kumapeto kwa tauni.

"Bwanji Lachiwiri lokha?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Akochi, Marnie. Akochi Pruitt anati wopezeka ndi chibwenzi nyengo ya mpira adzakhala pabenchi mpaka kumera mizu."

"Iwe umakhala kale pabenchi."

"Ndiye ukufuna andilandenso benchiyo?"

Ndinaseka mpaka kutsamira phewa lake. Kenako ndinafunsa funso limene atsikana onse amafunsa.

"Tidzabisala mpaka liti?"

Anayang'ana kutali, kumene nsonga ya nsanja inkaonekera pamwamba pa mitengo. Anaiyang'ana kanthawi ndithu, ine n'kumati akusankha mawu mumtima.

"Belu likadzalira," anatero, "tidzagwira chingwe limodzi, iwe ndi ine, tauni yonse ikuona."

Musandiseke msanga. Ndinkadziwa ndithu kuti chaka chapitacho timu yathu inapambana kamodzi kokha, ndiponso chifukwa basi ya anzathuwo inafera panjira. Koma kwa ine zimenezo ndi zimene zinakometsa lonjezolo. Mnyamata wamba amalonjeza mphete. Wangayu analonjeza chozizwitsa.

Anandipatsanso chizindikiro.

"Ndisanamenye mpira uliwonse, uzindiyang'ana. Ndizigwira chisoti apa, pakhutu lakumanzere, kawiri. Ameneyo ndi iwe."

Loweruka lotsatira anachitadi. Anthu odzaza bwalo anaona mnyamata akukonza chisoti. Ine ndekha ndinaona kalata yachikondi, ndipo ndinaimba chitoliro pamalo olakwika mpaka wotsogolera bandi anandiloza ndi kamtengo kake.

3

Kenako chinachitika chimene palibe anachilota: timu inayamba kupambana. Kunabwera mnyamata wina wothamanga ngati gwape, zimphona zathu zinaphunzira kugwetsa m'malo mogwetsedwa, ndipo Thad sanaphonye ngakhale kamodzi. Titapambana koyamba anthu anati ndi ngozi. Kachiwiri anati ndi mwayi. Pofika mu Okutobala shopu ya bambo inkadzaza ndi madala opanda ndi tsitsi lomwe, obwera kudzakangana za mpira.

Kunyumba tinalipo atatu: bambo, ine, ndi achemwali anga a Jolene, namwino wa pachipatala cha koleji. A Jolene ndi munthu woti ukawapatsa duwa amafunsa ngati lilibe tizilombo. Mabuku anga achikondi ankawatcha mankhwala ogonetsa.

"Mnyamata wa phazi uja ndi golide," bambo anatero tikudya, akutola nyenyeswa za buledi m'ndevu. "Ndikanakhala ndi mwana wamwamuna..."

"Muli ndi aakazi awiri, adadi," anatero a Jolene, "ndipo wina akuthira mchere mu khofi."

Ndinali ine.

"Komanso golide wanuyo akuonda," anapitiriza. "Sakudya bwino."

"Mwadziwa bwanji, achemwali?"

"Ndine namwino, iwe. Ndimaona ndi maso, osati ndi mtima ngati anthu ena okhala nawo patebulo pano."

Ankanena zoona. Timu ikapambana, Thad ankabwera Lachiwiri nkhope itagwa, m'maso muli mdima, lamba atamuboola bowo lina. Ankaluma zikhadabo. Ankayang'ana nsanja ija n'kuusa moyo. Ine sindinavutike kufuna chifukwa. M'mabuku anga onse mwamuna wokonda zenizeni amaonda.

"Limba mtima, wokondedwa," ndinkamuuza. "Patsala pang'ono."

"Ndikudziwa," ankayankha ndi mawu a munthu amene adokotala amuuza zoipa.

Kuyambira chilimwe a Jolene anali atalowa kwaya yokumana Lachinayi, iwo amene amaimba ngati chitseko chosathira mafuta. Ndinati Mulungu wawakhudza, ndipo ndinawakondwerera.

4

Sabata ya masewero a Brackett tauni inapenga. Masitolo anapaka mawindo mitundu ya timu, wobiriwira ndi woyera. Abusa analalikira za Davide ndi Goliati osatchula dzina la koleji, koma aliyense anamva. Amuna awiri anakwera pansanja kukathamangitsa nkhunda, ndipo a komiti yoyang'anira timu anagula chingwe chatsopano poti chakale chinali chitadyedwa ndi mbewa.

Lachiwiri ndinapeza Thad atagoneka mutu pachiwongolero.

"Agula chingwe," anatero osadzutsa mutu.

"Ndachiona! N'chokongola, choyera, chachikulu ngati dzanja langa."

"Marnie, a Brackett ali ndi mphamvu chaka chino. Eti? Ali ndi mphamvu kwambiri. Anthu akungodzinamiza."

"Usaope."

"Ali ndi chimnyamata chija chotalika ngati chitseko cha tchalitchi. Sitingawathe. Ukuona bwanji iwe? Sitingawathe, eti?"

Ankandiyang'ana ngati mwana wopempha switi. Ine ndinagwira nkhope yake ndi manja awiri.

"Tiwatha. Ndikumva mumtima. Ndipo adzakhala iwe, Thad, phazi lakoli. Ndalota."

Anatseka maso. Ndinaona kamsozi, ndipo ndinakasunga mumtima ngati ndalama yagolide.

Lachisanu ndinatsegula sutikesi ya malemu mayi n'kutulutsa bulauzi yoyera imene anavala tsiku lawo la belu. Ndinaisita chitseko chili chokhoma. Potuluka ndinakumana ndi a Jolene m'khonde, atanyamula jekete latsopano lofiira, kapepala ka mtengo wake kasanachotsedwe n'komwe.

"Jekete la mpira limenelo?" ndinafunsa.

"Kukuzizira. Nanga iwe wabisa chiyani kumbuyoko?"

"Palibe."

"Chabwino. Palibe wako ndi palibe wanga asafunsane."

5

Loweruka kunacha ndi mphepo ya Novembala, ija yodutsa m'minda yokolola kale popanda choitchinga, yolowa mpaka m'mafupa. Bwalo linadzaza mpaka ena anakwera pamadenga a magalimoto. Fungo la masoseji ootcha linali ponseponse. Ine ndinali pakati pa bandi, bulauzi ya mayi ili mkati mwa yunifolomu, mano akugundana.

Masewerowo sindingakufotokozereni bwino, chifukwa maso anga anali pabenchi. Ndikudziwa kuti Brackett inatsogola, ife tinabweza, iwo anatsogolanso. Ndikudziwa kuti chimnyamata chotalika ngati chitseko chija anachitulutsa atachigwira mbali ndi mbali. Ndipo ndikudziwa kuti nthawi itatsala yongokwanira kumenya mpira kamodzi, tinali kumbuyo ndi mapointi awiri, mpira uli pafupi ndi mizati, pamalo pamene Thad akanagoletsa ngakhale atavala nsapato za kutchalitchi.

Akochi Pruitt anatembenuka n'kumukodola.

Thad anadzuka ngati nkhalamba. Anayenda kulowa m'bwalo pang'onopang'ono. Bwalo lonse linangoti zii, kumangomveka mbendera zikuwomba. Anagwira chisoti pakhutu lakumanzere, kawiri. Mtima wanga unalumpha.

Anamenya.

Mpira unanyamuka molakwika. Aliyense anaona. Unalunjika kumanja, kutali ndi mizati, kumene kunaima magalimoto. Anthu anabuula pamodzi ngati ng'ombe imodzi yaikulu. A Brackett anali atayamba kale kulumpha.

Ndiye mphepo ija inabwera. Inaugwira mpirawo m'mwamba, kuuimitsa ngati ikuganiza, n'kuukhotetsa. Unabwerera pang'onopang'ono, unagunda mzati wakumanja mkati mwake, unazungulira, n'kugwera kuseri.

Phokoso limene linatsatira ndikukhulupirira kuti linamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Madala ankakumbatirana akulira. Wa ng'oma yaikulu anaiboola. Pakati pa bwalo Thad anagwada, manja ali kumutu, nkhope ili pansi.

"Taonani mwana woopa Mulungu!" anakuwa mayi wina kumbuyo kwanga. "Akupemphera!"

6

Chinamtindi chonse chinathamangira kunsanja, Thad ali pamapewa a zimphona. Ine ndinavula jekete la bandi ndikuthamanga, kuzizira ndinakuiwala. Patsinde pa nsanja anthu anapanga bwalo. Anamutsitsa Thad pafupi ndi chingwe choyera chija, ndipo madala amene ankakumbukira mwambo anayambitsa mfuu yake:

"Agwira ndi ndani? Agwira ndi ndani?"

Nthawi yanga inali itakwana. Ndinatuluka m'gulu, bulauzi ya mayi ikuwala, chitoliro chili m'manja.

Kumanzere kwanga kunatulukanso munthu wa jekete lofiira.

"Achemwali, mukunditsekereza," ndinanong'ona.

"Bwerera kubandi, Marnie. Izi n'za akuluakulu."

"Ndikupita kuchingwe."

"Ukatani kuchingwe?"

Tinayang'anana. Sindidzaiwala mmene nkhope ya a Jolene inasinthira, pang'onopang'ono, ngati mkaka ukuphika.

"Lachiwiri," ndinatero.

"Lachinayi," anayankha.

"Nanga kwaya?"

"Unandimvapo ndikuimba, iwe?"

"Pepani, tandipatsani njira," anatero mawu ena kumbuyo kwathu. Anali Roxanne Pruitt, mwana wa akochi enieniwo, tsitsi atalikonza kusaluni, maluwa ali m'manja. Anatiyang'ana, anayang'ana bulauzi, anayang'ana jekete, maluwa aja n'kuyamba kutsika okha.

"Lamlungu," anatero mofooka. "Tikaweruka kutchalitchi."

Mfuu inkakulirakulira. "Agwira ndi ndani? Agwira ndi ndani?" Thad anaima chingwe chili m'manja, ife atatu tili patsogolo pake. Kumbuyo kwa Roxanne kunali akochi, munthu wa khosi ngati chitsa. Kumbuyo kwa ife awiri kunali bambo, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndinaona maso a Thad akuthamanga uku ndi uku ngati mbewa yosowa una. Ndipo ngakhale pamenepo, owerenga, ngakhale pamenepo, kamtima kanga kankati: asankha ine.

Anakweza dzanja.

"Amayi!" anakuwa. "Amayi anga ali kuti? Ndigwira ndi amayi!"

Gulu linang'ambika pakati, ndipo panatuluka mayi wamfupi wa nsapato za kukhola, akupukuta manja pajekete. Mwana ndi mayi ake anagwira chingwe. Belu linalira, nkhunda ziwiri zotsalira zinathawa, ndipo tauni yonse ya Tarrow inasungunuka. Amuna aakulu ankafwenthera m'zipewa. Wojambula wa nyuzi anagwada kuti apeze chithunzi chabwino.

Roxanne ndiye anayamba kulira mokweza.

"Koma ankagwira chisoti chifukwa cha ine! Pakhutu lakumanzere, kawiri!"

Mayi Rensink anali akudutsa pafupi nafe, akupuma mofulumira ndi chimwemwe. Anaima.

"Chisoticho? Iii, mwana wanga, chimamuyabwa. Ali ndi kachiphuphu kuseri kwa khutu kuyambira ali kusekondale. Ndamuuza kangati kuti akaonetse kuchipatala."

"Anaonetsa," anatero a Jolene, mawu ali ouma gwa. "Ndi mmene tinadziwirana."

7

Madzulo omwewo bambo anametedwa ndevu pakhonde la shopu yawo, anthu akuwomba m'manja. Anabwera kunyumba ndi nkhope ya mlendo, chibwano chaching'ono choyera ngati dzira. Anatipeza titakhala kumathero awiri a tebulo, wina osayang'ana mnzake.

Anali atamva. Ku Tarrow nkhani imayenda msanga kuposa galimoto.

"Ana anga," anayamba, akusisita chibwano chachilendocho. "Zandipweteka. Zandipweteka kwambiri. Mnyamata ameneyu ndikanamuthyola khosi."

"Zikomo, adadi," ndinatero.

"Ndikanamuthyola ndithu. Kungoti..." Anakhosomola. "Watsala ndi chaka china chimodzi pakoleji. Ndiye a komiti amati, mwina nkhaniyi tisaikuze. Mwana akhoza kukhumudwa n'kusamukira kwina. Mwinanso ku Brackett."

"Adadi!"

"Sindikuti sanalakwe! Koma munauona mpira uja mmene unakhotera?"

"Nanga akochi akuti bwanji za mwana wawo?" anafunsa a Jolene.

"Akochi ndi amene ayambitsa ganizoli."

Bambo atatuluka kupita kuchikondwerero, tinatsala awiriwiri. Ine ndinali nditakonza mawu oopsa, a m'mabuku, onena za magazi ndi kusakhulupirika. A Jolene ndiwo anayamba.

"Iwe bola uli ndi chowiringula. Umawerenga zopusa zija. Nanga ine ndinganene chiyani?"

"Anakuuzaninso za belu?"

"Liwu ndi liwu. Anayang'ananso kunsanja kaye?"

"Kanthawi ndithu."

"Galu," anatero a Jolene. Anavula jekete lofiira lija n'kuliyang'ana. "Ndipo kapepala ka mtengo ndachotsa kale. Sangalilandirenso kusitolo."

Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi kulira. A Jolene anazungulira tebulo, anandigwira mutu, n'kundiuza kuti ndisamapukutire mamina pabulauzi ya mayi.

8

Lachiwiri ndinapita kunkhokwe kuja. Musandifunse chifukwa. Ndinadziuza kuti ndikupita kukamutukwana, koma tsitsi ndinalipesa kawiri.

Kagalimoto kanalipo. Thad anali mkati, akudya buledi ndi nyama ngati munthu wochokera kundende. Masaya anali atayamba kale kubwerera.

"Ndinadziwa kuti ubwera," anatero. "Pa atatu nonse, iwe ndi amene umamvetsa."

"Pa atatu tonse. Tamvani mmene akunenera, ngati ndi nkhuku zake."

"Marnie, ine sindinafune kupweteka munthu. Chilimwe chija timu inali yakufa. Aliyense ankadziwa. Ndinkati belu limeneli silingalire ine ndili moyo. Ndikanadziwa bwanji kuti kubwera wothamanga uja?"

"Ndiye unalonjeza poti unkadziwa kuti sizidzachitika."

"Ndinalonjeza poti nonse munkafunsa."

Ndinagwira chitseko kuti nditsike. Anandigwira mkono.

"Dikira. Pali chinthu chimene sindinauze munthu. Chikundidya. Ndiwe wekha ungachisunge."

Owerenga, mukundidziwa tsopano. Dzanja langa linasiya chitseko lokha.

Anayang'ana uku ndi uku, ngakhale kunalibe wina koma akhwangwala m'munda.

"Mpira uja sindinafune kugoletsa."

"Wati chiyani?"

"Ndinalunjika kumagalimoto, Marnie. Dala. Ndinati ndikaphonya anditukwana mwezi umodzi, mwina andiswera mawindo, basi zatha. Kusiyana ndi kukaima pachingwe paja. Ndinamenya bwinobwino kuti upite kunja. Moyo wanga wonse sindinaphonyepo pamalo amene aja, ndiye tsiku limodzi lokha limene ndinafuna kuphonya..." Anamenya chiwongolero. "Mphepo imene ija ndi ya Satana."

Ndinamuyang'ana. Ngwazi ya Tarrow, nyenyeswa zili pamlomo.

"Unali wokonzeka kugwetsa tauni yonse. Ndevu za bambo anga. Madala aja. Kuti usagwire chingwe ndi ine."

"Osati iwe wekha. Nonse."

"Pamene unagwada paja sunkapemphera?"

"Ndinkapemphera. Kuti woimbira anene kuti sunalowe."

Ndikanayenera kumumenya ndi chitoliro. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakufunsa funso limene mpaka lero ndimachita nalo manyazi.

"Pa atatufe, unkathawa kwambiri ndani?"

Anaganiza moona mtima, ndimupatse ulemu umenewo.

"Roxanne ndinkaopa bambo ake. A Jolene ndinkaopa iwo eni. Koma iwe..." Anapukusa mutu. "Iwe ukanandikonda mpaka kufa. Zimenezo ndiye zinkandisowetsa tulo."

Ndinatsika, ndinatseka chitseko mwaulemu, ndipo ndinayenda wapansi mpaka kutauni, mphepo yomwe ija ikundikankha kumsana.

9

Chinsinsicho sindinachisunge. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali ndi chinsinsi chenicheni, cholemera, chotha kugwetsa munthu, ndipo ndinapita nacho molunjika kushopu ya bambo. Munali modzaza. Chithunzi cha Thad ndi mayi ake chinali kale pakhoma, m'felemu.

Ndinaima pakati n'kunena zonse. Kuti analunjika kumagalimoto. Kuti anachita dala. Kuti wandiuza yekha ndi pakamwa pake.

Makina ometera anazima. Madala anayang'anana.

"Wati analunjika kumanja dala?" anafunsa bambo pang'onopang'ono.

"Dala, adadi."

Bambo anamenya m'manja kamodzi, n'kutembenukira kwa mdala wina amene anali pampando, thovu lili kumaso.

"Mwamva, achimwene? Ndinakuuzani ine! Inu mumati ndi mwayi. Mwanayo anaiwerenga mphepo! Analunjika kunja dala kuti imubweretsere!"

"Ayi, adadi, sindikutanthauza..."

"Mutu umene uja! Pa msinkhu umene uja!"

"Wachita bwino kutiuza, mwana," anatero mdala wa thovu uja. "Ena akanabisa."

Pofika madzulo tauni yonse inali itamva kuti Thad Rensink amalankhula ndi mphepo. Chaka chotsatira anasewera ndithu, ndipo Brackett inatikwapula monga kale. Koma zimenezo palibe amazikumbukira. Ku Tarrow nyengo ya mpira ndi imodzi yokha, ya 1993, ndipo akochi a ana aang'ono mpaka pano amaphunzitsa kuti kukakhala mphepo uzilunjika kumagalimoto. Anyamata angapo aphonya nazo.

Roxanne anakwatiwa ndi dokotala wa mano. A Jolene analowadi kwaya, akuti kuti bodza lisapite pachabe, ndipo abusa anawaika kumbuyo kwenikweni. Thad ndamva kuti akukwatira mwezi wamawa, mtsikana wa ku Brackett, kumene kulibe mwambo wa chingwe.

Tsono inu atsikana anzanga amene mwawerenga mpaka pano, mukuyembekeza kuti ndikulangizeni. Chabwino. Mnyamata akakulonjezani kuti adzakutengani chinthu chakutichakuti chikadzachitika, musayang'ane m'maso mwake. Pitani mukafunse madala a kometera ngati chinthucho chinachitikapo. Ndipo akakupatsani tsiku limodzi pasabata, dzifunseni kuti masiku enawo akudya ndani.

Malangizo ndi amenewo, ndipo ndi abwino. Ine ndemwe sindikudziwa ngati ndingawatsate. Kuchokera nthawi imeneyo ndakumanapo ndi anyamata abwinobwino, oyenda nane masana pamsewu waukulu, ondidziwitsa kwa azakhali awo tsiku loyamba lomwe. Amandigulira maluwa, ndimathokoza, ndimayasamula. Pakuti ndikuuzeni zoona, poti tafika kumapeto ndipo a Jolene sawerenga magazini ngati ino: palibe mwamuna wina amene anayesapo kugwetsa tauni yathunthu, bwalo lodzaza likuona, chifukwa choopa kukula kwa chikondi changa.

Ndikudziwa, tinalipo atatu. Koma anati ine ndi amene ndinkamusowetsa tulo.